Masamu Aang'ono Amene Amagwetsa Anthu a Madigiri

Anzanga nonse a pasukulu pano, ndapempha a Mkonzi kuti andipatseko malo m'magazini yathu ino kuti ndikambe nanu za masamu. Ndidziwa kuti ena mwa inu mukangomva dzina limeneli mutu uyamba kale kuwawa, ndipo mufuna kutsegula tsamba lina kumene kuli nkhani za mpira. Koma ndikupemphani kuti muyambe mwamva chimene ndinaona kwathu pa tchuthi chapitachi, pakuti akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Achimwene anga aakulu anamaliza maphunziro a ku yunivesite, ndipo ali ndi digiri yabwino. Kuti afike pamenepo bambo anagulitsa ng'ombe ziwiri, ndipo mayi anakazinga mandasi zaka zinayi osapuma. Atakhala pakhomo chaka chathunthu akulemba makalata ofunsira ntchito, kampani ina ya m'tauni inawaitana. Tonse tinakondwa, tinayesa kuti ntchito yapezeka. Koma atafika kumeneko anapeza anthu odzaza holo, onsewo a madigiri, ndipo anauzidwa kuti asanaonane ndi mabwana ayambe alemba mayeso amene amatchedwa aptitude test. Mafoni anasiyidwa pakhomo, kakyuleta sinaloledwe, ndipo chigawo cha masamu chinali ndi mafunso 30 oti ayankhidwe m'mphindi 30. Achimwene anangoyankha 14, nthawi n'kutha. Ku intaviyu sanaitanidwe.

Tsiku lina madzulo tili pakhonde anandiuza mafunso amene anali kuwakumbukira. Ine ndinadabwa kwambiri, chifukwa munalibe samu ngakhale imodzi ya ku yunivesite. Onse anali masamu a Sitandade 7, Sitandade 8 ndi Fomu 1: kuchulukitsa, kugawa, mafulakishoni, maperesenti ndi avereji. Achimwene sikuti sawadziwa masamu amenewa iai. Anawadziwa kale, koma anawasiya tsiku limene analemba MSCE, ndipo kuyambira pomwepo kasamu kalikonse kamene anakumana nako ankakapereka kwa foni. Khasu likagonera m'nkhokwe zaka zisanu lichita dzimbiri.

Agogo athu aamuna anali pomwepo akumvetsera. Iwo paunyamata wawo anali kalaliki wa m'sitolo, masiku amene dziko lino linali kugwiritsa ntchito mapaundi, isanabwere kwacha m'chaka cha 1971. Nthawi imeneyo makobiri 12 ankapanga shilingi imodzi, ndipo mashilingi 20 ankapanga paundi imodzi, kotero kuti wogulitsa m'sitolo ankagawa ndi 12 ndi 20 tsiku lonse, wogula ali chiimire kutsogolo kwake. Agogo anayankha mafunso atatu a achimwene pamtima, asanathe n'komwe kupukusa chimanga chimene chinali m'manja mwawo. Pamenepo anati, "Ana inu, ndalama yanu ndi yosavuta, matambala 100 kwacha imodzi. Chakuvutani n'chiyani? Ife mento tinkachita m'mawa uliwonse tisanakhale pansi."

Mawu amenewa ndiwo andilembetsa nkhani ino. Olemba anthu ntchito akalandira makalata ochuluka, onse a anthu a mapepala abwino, afuna sefa yosefera. Safunsa zakuya, pakuti zakuyazo aziona kale pa digiri. Chimene afuna kuona n'chakuti kodi munthuyu tikampatsa buku la ndalama kapena lipoti la malonda, adzaona msanga pamene palakwika? Chifukwa chake mayesowa ndi a masamu aang'ono, koma othamangitsana ndi wotchi. Kawirikawiri funso lililonse likhala ndi mayankho anayi kapena asanu oti musankhepo limodzi, ndipo pakati pa mayankhowo amaikapo dala lija limene munthu wopupuluma alipeza. Tsono tiyeni tione zinthu zisanu ndi chimodzi zimene ndaphunzira kwa agogo ndi kwa aphunzitsi athu a masamu.

1. Matebulo ndi njira zachidule

Choyamba ndi kuloweza matebulo ochulukitsira kufikira 12 × 12. Munthu amene ayamba waganiza kuti apeze 7 × 8 wataya kale masekondi amene sadzawapezanso. Mukatha apo phunzirani njira zachidule izi. Kuchulukitsa ndi 5 ndiko kuchulukitsa ndi 10 n'kutenga theka: 86 × 5 ndi theka la 860, ndiye 430. Kuchulukitsa ndi 25 ndiko kuchulukitsa ndi 100 n'kugawa ndi 4: 48 × 25 ndi 4,800 ÷ 4, ndiye 1,200. Kuchulukitsa ndi 15 ndiko kuchulukitsa ndi 10 n'kuwonjezerapo theka lake: 36 × 15 ndi 360 + 180, ndiye 540.

Musaiwalenso lamulo lija la BODMAS, lakuti kuchulukitsa ndi kugawa zitsogolera kuphatikiza ndi kuchotsera. Mukaona 2,000 + 500 × 3, yankho ndi 3,500. Wophatikiza poyamba apeza 7,500. Ngati mukayika, ganizani za m'sitolo: kope limodzi la K2,000 ndi mapensulo atatu a K500 iliyonse. Kodi pali wina mwa ife angalole kulipira K7,500?

2. Fulakishoni, desimo ndi peresenti ndi ana a mayi mmodzi

Zinthu zitatu izi zinena chinthu chimodzi m'njira zosiyana, ndipo wanzeru asankha njira imene ili yapafupi pa funsolo. Lowezani izi monga mulowezera mayina a abale anu:

1/2 = 0.5 = 50%
1/4 = 0.25 = 25%
3/4 = 0.75 = 75%
1/5 = 0.2 = 20%
1/8 = 0.125 = 12.5%
1/10 = 0.1 = 10%
1/3 ndi pafupifupi 33.3%

Akakufunsani 12.5% ya K64,000, musayambe kuchulukitsa ndi 12.5. Kumbukirani kuti imeneyi ndi 1/8, gawani ndi 8, ndipo mupeza K8,000 mnzanu asanalembe mzere woyamba.

Pa maperesenti ena onse yambani ndi 10%, pakuti imeneyi ipezeka pongogawa ndi 10. Tinene kuti afuna 35% ya K48,000. Tsono 10% ndi K4,800. Kuchulukitsa katatu tipeza 30%, imene ndi K14,400. Theka la 10% ndi 5%, imene ndi K2,400. Kuphatikiza ziwirizi tipeza K16,800. Ngakhale 17.5% imene ioneka yoopsa igonja ndi njira yomweyi. Pa K8,000, 10% ndi K800, 5% ndi K400, 2.5% ndi K200, ndipo zonse pamodzi ndi K1,400.

3. Peresenti ya chiyani?

Apa ndi pamene pagona msampha waukulu koposa, ndipo ndi pamene achimwene anataya nthawi yambiri. Peresenti siima payokha. Nthawi zonse ndi peresenti ya chinthu china, ndipo musanawerengere muyenera kudzifunsa kuti, kodi 100% m'funso lino ndi iti?

Thumba la chimanga likhale pa K50,000. Mtengo ukwera ndi 20%, ufika pa K60,000. Pambuyo pake utsika ndi 20%. Ambiri anena kuti wabwerera pa K50,000, koma si choncho, chifukwa 20% yachiwiriyi ndi ya K60,000, imene ndi K12,000. Mtengo watsopano ndi K48,000.

Funso limene linakola achimwene linali lotere: nsapato zatsitsidwa mtengo ndi 20% ndipo tsopano zigulidwa K36,000, kodi mtengo wake woyamba unali wotani? Iwo anapeza 20% ya K36,000, nawonjezera, napeza K43,200, ndipo yankholi linalipo ndithu pa mayankho osankha. Koma K36,000 si 100%, ndi 80% ya mtengo woyamba. Ngati 80% ndi K36,000, ndiye kuti 10% ndi K4,500, ndipo 100% ndi K45,000. Yesani kubwerera m'mbuyo: 20% ya K45,000 ndi K9,000, kuchotsera mupeza K36,000. Kubwerera kotereku kutenga masekondi owerengeka, ndipo kuonetsa pomwepo ngati mwakodwa.

Nkhani imeneyi si ya pamayeso pokha. Mu Novembala 2023, Reserve Bank of Malawi inasintha mtengo wa dola ya ku America kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700, ndipo tonse tinamva pa wailesi nambala ya 44%. Tiyeni tiiwerengere tokha. Kusiyana kwake ndi K520. Mukagawa 520 ndi mtengo wakale wa 1,180 mupeza 44%, kumene ndiko kukwera kwa mtengo wa dola. Koma munthu amene anali ndi K1,180,000, imene poyamba ikadagula madola 1,000, tsopano akadapeza madola 694 okha. Wataya madola 306 pa 1,000, pafupifupi 31%. Nambala zonse ziwiri ndi zoona, koma ziyankha mafunso awiri osiyana, ndipo wolemba mayeso afuna kuona ngati mudziwa funso limene wakufunsani.

Chimodzimodzinso ndi phindu ndi chiwongoladzanja. Wogula katundu pa K40,000 n'kumugulitsa pa K50,000 wapindula K10,000, ndipo tikayerekeza ndi mtengo wogulira ndi 25%. Wosunga K100,000 pa chiwongoladzanja cha 10% pachaka, ngati chiwerengedwa pa mpamba wokha, adzakhala ndi K120,000 pakutha pa zaka ziwiri. Koma ngati chiwongoladzanja cha chaka choyamba chiphatikizidwa ku mpamba, chaka chachiwiri 10% ndi ya K110,000, ndipo adzakhala ndi K121,000.

4. Kugawana ndi kugwirira ntchito pamodzi

Mafunso a ratio ndi nkhani ya kugawana mwachilungamo. Amayi atatu asonkha mpamba wa geni ya tomato: wina K20,000, wina K30,000, wina K50,000. Ratio yake ndi 2:3:5. Apindula K70,000. Phatikizani magawo onse: 2 + 3 + 5 ndi 10. Gawo limodzi ndi K7,000. Tsono woyamba alandira K14,000, wachiwiri K21,000, wachitatu K35,000. Phatikizani zitatuzi muone ngati zibwerera pa K70,000. Lamulo lake ndi lomwelo nthawi zonse: phatikizani magawo, pezani gawo limodzi, ndipo chulukitsani.

Koma chenjerani ndi mafunso amene chimodzi chikachuluka chinzake chichepa. Anthu 6 alima munda masiku 10. Kodi anthu 4 adzaulima masiku angati? Musanagwire pensulo dzifunseni monga mwana wa mlimi: anthu akachepa, masiku achuluka kodi achepa? Achuluka ndithu. Munda umenewu ufuna ntchito ya munthu mmodzi ya masiku 60, pakuti 6 × 10 ndi 60. Kugawira anthu 4 tipeza masiku 15.

Palinso funso lina lokondedwa ndi olemba mayeso. Mnyamata wina aumba njerwa za nyumba masiku 6, mnzake wamphamvu aziumba masiku 3. Akagwirira pamodzi atha masiku angati? Wopupuluma aphatikiza 6 ndi 3, atenga theka, napeza masiku anayi ndi theka. Nanga zitheka bwanji kuti anthu awiri achedwe kuposa wamphamvu uja ali yekha? Onani zimene aliyense achita pa tsiku limodzi. Woyamba achita 1/6 ya ntchito, wachiwiri 1/3, imene ndi 2/6. Pamodzi achita 3/6, ndilo theka la ntchito pa tsiku. Chotero atha masiku awiri.

5. Avereji, liwiro ndi nthawi

Avereji ipezeka pophatikiza zonse n'kugawa ndi kuchuluka kwa zinthuzo. Izi tonse tidziwa. Cholakwa chimene tichita ndicho kutenga maavereji awiri n'kupeza pakati pake osayang'ana kukula kwa magulu. Kalasi ina ili ndi ophunzira 30 ndipo avereji yawo ndi malikisi 60. Ina ili ndi ophunzira 20 ndipo avereji yawo ndi 70. Avereji ya onse si 65. Malikisi onse a kalasi yoyamba ndi 1,800, a yachiwiri ndi 1,400, pamodzi 3,200. Kugawa ndi ophunzira 50 tipeza 64. Gulu lalikulu likokera avereji kumbali kwake.

Pa liwiro msampha ndi womwewo. Lole iyenda makilomita 120 pa liwiro la makilomita 60 pa ola, ndipo pobwerera itanyamula katundu iyenda makilomita 40 pa ola. Avereji ya liwiro si 50. Popita yatenga maola awiri, pobwerera maola atatu. Mtunda wonse ndi makilomita 240, nthawi yonse ndi maola 5, ndipo 240 ÷ 5 ndi makilomita 48 pa ola.

Kumbukiraninso kuti ola lili ndi mphindi 60, osati 100. Maola awiri ndi mphindi 15 salembedwa 2.15 powerengera, alembedwa 2.25, chifukwa mphindi 15 ndi kota ya ola. Mphindi 30 ndi 0.5, mphindi 45 ndi 0.75. Pamenepa agogo anaseka, nati wotchi yokha ndiyo yatsala ndi makhalidwe a shilingi.

6. Kuyerekeza ndi kusamala wotchi

Popeza mayankho aperekedwa kale kuti musankhe, si nthawi zonse pamene muyenera kuchita samu yonse mpaka kumapeto. Tinene kuti funso ndi 387 × 24, ndipo mayankho ndi 8,288, 9,286, 9,288 ndi 11,288. Yerekezani: 400 × 24 ndi 9,600, tsono yankho likhala pansi pang'ono pa 9,600. Loyamba ndi lomaliza atuluka. Tsopano onani manambala a kumapeto: 7 × 4 ndi 28, choncho yankho lithera ndi 8. Latsala limodzi lokha, 9,288.

Mafunso ambiri abwera ndi ndandanda ya manambala kapena galafu, ndipo manambala ake ndi aakulu dala kuti akuopseni. Kalembera wa m'chaka cha 2008 anapeza anthu pafupifupi 13 miliyoni m'Malawi muno, ndipo wa m'chaka cha 2018 anapeza opitirira pang'ono 17.5 miliyoni. Akakufunsani kuti chiwerengero chinakwera ndi maperesenti angati, musavutike ndi manambala onse asanu ndi atatu. Kusiyana ndi 4.5, ndipo 4.5 pa 13 ndi kupitirira pang'ono 1/3, pafupifupi 35%. Koma musanayambe werengani mawu amene ali pamwamba pa ndandandayo. Ngati palembedwa K'000, ndiye kuti 250 atanthauza K250,000, ndipo wosaona zimenezi alakwa mafunso onse a tsamba limenelo ngakhale masamu ake ali olondola.

Za wotchi ndinena izi. Mukangolandira pepala gawani mphindi ndi mafunso kuti mudziwe nthawi ya funso limodzi. Funso likakukanikani, lembani kachizindikiro pambali ndi kupita kutsogolo. Mudzalibwerera ngati nthawi itsala. Achimwene anakangamira funso limodzi mphindi zisanu chifukwa anachita manyazi kulisiya, ndipo mafunso osavuta amene anali kumapeto sanawaone n'komwe. Werenganinso malangizo a patsamba loyamba, pakuti mayeso ena alola kakyuleta pamene ena sailola, ndipo ena achotsa malikisi pa yankho lolakwa pamene ena sachotsa.

Yesani nokha

Tsekani makope, ikani wotchi patsogolo, ndipo muyankhe mafunso 6 awa m'mphindi 6.

(a) 64 × 25.
(b) Pezani 15% ya K26,000.
(c) Mtengo wa bulangete wakwera ndi 25% ndipo tsopano ndi K45,000. Kale unali wotani?
(d) Gawani matumba 84 a fetereza kwa makalabu awiri pa ratio ya 3:4.
(e) Anthu 8 akumba chitsime masiku 9. Nanga anthu 12?
(f) Basi iyenda makilomita 150 m'maola awiri ndi mphindi 30. Liwiro lake ndi lotani?

Mayankho ndi awa: (a) 1,600, (b) K3,900, (c) K36,000, (d) matumba 36 ndi 48, (e) masiku 6, (f) makilomita 60 pa ola. Amene mwapeza K33,750 pa funso (c), bwererani ku chigawo chachitatu.

Mawu otsiriza

Ena a ife tinena kuti, ine ndidzaphunzira zamalamulo, ine mbiri yakale, ine zilankhulo, masamu ndidzatsanzikana nawo pa Fomu 4. Achimwene ankanenanso chomwecho. Sindikuuzani kuti tonse tikhale akatswiri a masamu, pakuti mphatso zisiyana. Ndingonena kuti masamu aang'ono awa adzatidikira pakhomo la ofesi, ndipo kuwasunga n'kosavuta kuposa kuwafunafuna atatayika.

M'chipinda chathu chogona tayamba kachizolowezi. Belu lozimitsa magetsi lisanalire, mmodzi afunsa mafunso asanu a pamtima ndipo ena ayankha, mawa lake afunsa wina. Zitenga mphindi khumi zokha. Poyamba anzathu a m'zipinda zina ankatiseka, koma tsopano atatu a iwo amabwera kudzakhala nafe. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Amene afuna kuyamba zomwezi m'chipinda chake andipeze nthawi ya chakudya chamasana, ndidzam'bwereka mafunso amene tasonkhanitsa.

Pobwerera kusukulu kuno ndinasiyira achimwene buku langa la masamu la Fomu 1, iwo atandipempha okha. Sichinali chapafupi kuti munthu wa digiri apemphe buku lotere kwa mng'ono wake, ndipo ndinawalemekeza koposa kale chifukwa cha chimenechi. M'kalata imene ndalandira sabata yatha alemba kuti m'mawa uliwonse agogo amawafunsa mento asanapite kudimba, ndi kuti malo ena awaitana kukalemba mayeso mwezi wamawa. Zimene zidzatuluke ndidzakuuzani m'magazini yotsatira, a Mkonzi akadzandilolanso.

Ndine mnzanu,
Wa m'Fomu 3